Mpando Wakumanzere

Mpaka lero helikopita ikadutsa pamwamba pa komboni yathu ya Kwacha ndimalowa m'nyumba. Anansi amati ndimadana ndi phokoso. Ayi, ndi manyazi.

Kampani ya migodi inandiphunzitsa kuyendetsa helikopita, koma laisensi yanga inatuluka pamene migodiyo inkayamba kugulitsidwa. Tinauzidwa kuti eni atsopano adzasunga okhawo amene ali ndi maola ambiri a m'mlengalenga. Anga anali ochepa zomvetsa chisoni.

Ndinakadandaulira Ba Mwansa, woyendetsa wamkulu amene ankazungulitsa ogula migodi pakati pa Kitwe ndi Ndola.

"Mpando ulipo, mwaice. Kwera," anatero, kunditcha kamwana m'chinenero chakwawo.

Mu helikopita woyendetsa amakhala kumanja, ndiye ine ndinakhala kumanzere. Kwa miyezi ndinkagwira mapu, kuthirira Ba Mwansa tiyi, ndi kulozera alendo migodi yotsekedwa (umodzi ndi umene atate anagwirako mpaka chifuwa chinawatulutsa). Tikatera, ndinkalemba maola m'buku langa monga wothandizira woyendetsa.

Amama sanadikire. Analengeza kutchalitchi kuti ntchito ya mwana wawo yakhazikika. Anandisoketseranso shati yoyera kumsika wa Masala, ya mizere m'mapewa (telala anawonjezera mzere umodzi mwa ulemu chabe).

Ndinaivala popita kwa mkulu woona za malaisensi kuti akavomereze maola anga. Anatsegula buku lija, n'kuvula magalasi.

"Bambo, helikopita imeneyi imafuna oyendetsa angati?"

"Mmodzi, bwana."

"Nanga ntchito imene munkagwirayo, lamulo limati pakhale awiri?"

"Iyayi, bwana."

"Ndiye munkathandiza ndani?"

Ndinatchula mapu. Za tiyi ndinabisa.

"Maola a wothandizira timawawerenga pokhapokha wachiwiriyo akufunika mwalamulo. Inu munali wokwera basi," anatero modekha. Kenako anayang'ana mapewa anga. "Koma wokwera wotchena."

Ndinabwerera kwa Ba Mwansa mtima uli phuu. Ndinawapeza akulongedza katundu, chifukwa nawonso anali atawachotsa.

"Unapempha mpando, mwaice," anatero. "Za lamulo sunandifunse."

Ntchito inapita, laisensi inatha mphamvu, shati ija anakwatirira mng'ono wanga atasomola mizere.

Lero ndine kalaliki ku Ndola. M'minibasi ndimathamangirabe mpando wakutsogolo, kumanzere kwa dalaivala. Akakhota bwino ndimagwedeza mutu ngati mnzake wapantchito, mpaka kondakitala andigwire paphewa kuti ndilipire.