Zigubu za ku Meponda

LOLEMBA

Wailesi yalengeza m'mawa uno: Lachisanu kuli msonkhano woti anthu apereke maganizo pa malamulo atsopano a kanyamulidwe ka katundu woopsa. Gazolina (ena amati petulo), gasi, mankhwala a m'munda. Aliyense akhoza kuyankhula. Aliyense! Ndiye kuti inenso.

Zaka zonsezi ndikuphunzitsa ana kimika kusekondale, ndikuwauza kuti mpweya wa gazolina sufuna lawi lalikulu, kamoto ka ndudu kakwana. Koma mkazi wanga, amake Zaina, sabata iliyonse amatsikira kunyanja ku Meponda kukagula usipa atakhalira chigubu cha gazolina mu chapa, minibasi ya kuno. Amati ndi mpando wabwino, sugwedera. Ine kuno ndimangosuzumira kumsewu mpaka abwere.

Mfundo zanga:
1. Gazolina asakwere ndi anthu. Akhale ndi galimoto yakeyake.
2. Chigubu chitsekedwe ndi chivindikiro, osati mbatatesi.
3. Chapa iliyonse ikhale ndi chozimitsira moto.
4. (Ndikuganizabe. Zitatu zikuchepa kwa munthu wopita kukoleji.)

Ndawawerengera amake Zaina. Akuti: "Mbatatesiyo yakulakwirani chiyani?"

LACHIWIRI

Ndikuyenda khomo ndi khomo muno mu Namacula kufuna anthu okandiombera m'manja. Onse akuvomera. Onse akufunsanso ngati kukakhale zakumwa.

A Jafali oyandikana nafe, amene amagulitsa gazolina m'mabotolo pageti, andimvetsera bwino kwambiri. Akuti: "Zoona aphunzitsi, anthu ndi osasamala." Akunena izi ndudu ili pakamwa. Ndabwerera chammbuyo mpaka kumsewu.

Mawu okha sakwanira, pamafunika umboni. Mawa ndilibe makalasi, nditsika ndekha ku Meponda kukajambula zithunzi. Ndagula chozimitsira moto chaching'ono, chofiira. Malangizo ake ndawerenga kawiri, ndapezamo cholakwa chimodzi.

LACHITATU

Tsoka likuyamba ndisanavale nsapato. Alamu a Saide, mchimwene wa amake Zaina amene ali ndi boti ya injini ku Meponda, akuimba foni: "Alamu, tamva mukubwera. Mutitengereko zigubu ziwiri zokha." Ndikuyamba kufotokoza mfundo yoyamba. Akupatsira foni apongozi anga aakazi. Apongozi sakutchula n'komwe za gazolina, akungondifunsa ngati ndadzuka bwino, kenako chete. Chete wa apongozi ndani angamuyankhe?

Ndili pamalo okwerera ndi zigubu ziwiri. Chimodzi chilibe chivindikiro. Wothira mafuta wachitseka ndi pulasitiki ndi mbatatesi. Ndayang'ana kumbali.

Mu chapa muli:
anthu osawerengeka,
zigubu pansi pa mipando yonse,
mbuzi imodzi,
mankhwala ophera tizilombo pamwamba pa thumba la ufa.

Ndipo chimene chawaopsa anthu ndi chozimitsira moto changa! Mayi wina akukuwa: "Chofiiracho chitiphulikira muno!" Kobradori, wotolera ndalama uja, wachilanda n'kuchimangirira padenga. Onse apumira m'mwamba, akhalanso pa gazolina wawo.

Zigubu zanga zilibe malo. Chimodzi pakati pa miyendo, china pamiyendo, ndachikumbatira ngati khanda. Tisananyamuke anthu awiri ovala malaya owala akujambula chapa yathu. Ndamwetulira. Sindikudziwa chifukwa chake, chizolowezi basi.

Msewu wotsetsereka uja, gazolina akuti khapakhapa pachifuwa. Ndapemphera m'zinenero zitatu.

LACHINAYI

Umboni wanga: chithunzi chimodzi, cha bondo langa. Manja anali pa chigubu.

Chozimitsira moto chatsala padenga la chapa. Panopa mwina chikuzungulira Niassa yense.

Jekete langa la misonkhano likununkha ngati galaja. Ndalichapa ndi sopo, ndi mandimu, ndi phulusa. Kuzizira kwa Lichinga sikulola kuti liume.

Ondiombera m'manja akuchepa. Wina ali ndi maliro. Awiri apita kukakumba mbatatesi ku Lione. A Jafali okha akuti abwera, inshallah. Alamu a Saide nawonso akwera mawa, akuti "kudzakuthandizani". Sindinawapemphe.

Ndikuyeserera zoyankhula pagalasi.

LACHISANU

Holo yadzaza. Ndakhala kutsogolo, jekete lonyowa pang'ono. Mipando iwiri ya pambali panga yatsala yopanda anthu.

Mayi woyendetsa msonkhano akuonetsa zithunzi pakhoma. Thanki yogubuduzika. Botolo la gasi panjinga yamoto. Kenako akuti: "Taonani nzika iyi."

Ndine! Khoma lonse ndine! Chigubu pachifuwa, mbatatesi pansi pa chibwano, mano onse pamtunda. M'maso andiphimba ndi kamzere kakuda kuti ndisadziwike. Jekete sanaliphimbe. Holo yonse ikuyang'ana khoma, kenako ine, kenako khoma. Kumbuyo wina akuti: "Si aphunzitsi a kimika awo?"

Ndaimirira ndi pepala langa. Mayi aja akuti: "Tikuthokoza kuti onyamula gazolina nawonso atumiza nthumwi." Ndikuti ayi, ine ndine mphunzitsi. Akuti: "N'zomveka bambo, malipiro ndi ochepa."

Ndawerenga mfundo zonse zitatu, mawu akutuluka ngati a nkhuku yonyowa. Aomba m'manja kwambiri. Akuganiza kuti ndikulapa.

Alamu a Saide aimirira: "Mukaletsa zigubu mu chapa, maboti athu ayenda ndi tiyi? Usipa mukudyawo umabwera wokha?" Phokoso. Kenako akuloza ine: "Koma alamu angawa anena zoona, gazolina akhale ndi galimoto yake. Iwowa ndi ophunzira, atikonzere."

Manja m'mwamba holo yonse, kuvomereza. A Jafali akweza awiri. Mayi aja alemba dzina langa, akuti maganizo onse apita ku likulu, yankho lidzabwera. Sananene liti.

LOWERUKA

Ndadzutsidwa ndi kugogoda. Mwamuna wosamudziwa, zigubu zinayi zodzaza. "Ndi pano pa aphunzitsi a gazolina?"

Mbiri yafika ku Meponda kuti lamulo latuluka kale, ndipo wogwidwa ndi chigubu mu chapa aonetsedwa pakhoma. Tsopano aliyense wogula gazolina wa boti akumusiya kwa ine, kudikira galimoto yapadera. Galimoto iti? Ndilibe ngakhale wilibala!

Ndikukana. Akusiya n'kumapita. Wina wandisiyira usipa wa chithokozo.

Pofika masana bwalo lonse ndi zigubu. Ndazichotsa padzuwa, ndaziika pamthunzi wa mpanda, kenako ndakumbukira kuti kuseri kwa mpandawo ndi kwa a Jafali ndi ndudu yawo. Ndazisunthanso zonse.

Malamulo a panyumba kuyambira lero: moto ayi, mbaula ayi, machesi ndabisa m'sokosi. Zaina ndamutumiza kwa azakhali ake.

Ndaimbira eni magalimoto atatu. Woyamba waseka. Wachiwiri akuti galimoto ilibe matayala. Wachitatu akuti Lachiwiri, mwina, Mulungu akalola.

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindipita. Ndani alondere zigubu?

Amake Zaina anyamuka m'mawa kupita ku Meponda. Andiimbira ali m'njira: "Atate ake Zaina, mwagwira ntchito. Mu chapa mulibe chigubu ngakhale chimodzi. Koma pokhala palibe, ndakhalira thumba la makala, chitenje chada."

Ndiye zatheka. Mkazi wanga akuyenda popanda gazolina pansi pake. Gazolina yense ali pansi pa windo la kuchipinda kwanga.

Ndakhala pampando pakati pa bwalo, ndowa ya mchenga pambali, ndikudya buledi ndi madzi ozizira. Pageti pali wina akugogoda. Ndikumva kale fungo la gazolina wake.