A Notisi Atuluka M'nyumba

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa mapepala pokha. Pakamwa pa anthu anali a Notisi. Mkuluyu, mwini mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi kuseri kwa msika, sankaponda m'chipinda cha munthu wa lendi asanalembe notisi. Pangano limene ankasainitsa aliyense linkati mwini nyumba azichenjeza tsiku lathunthu asanalowe, ndipo iwo ankalisunga ngati lemba.

Chimene chinkaimitsa tsitsi n'chakuti palibe anawaonapo akubweretsa kapepalako. Mayi telala wa chipinda chachitatu anayesapo kuwagwira. Anasiya makina, n'kukhala masana onse maso ali pachitseko. Atangowerama kuti atole singano, kapepala kanali katalowa kale, inki isanaume: "Mawa ndidzaona denga lanu." Anatsegula msangamsanga. Pabwalo panali zii, dzuwa lokhalokha, a Notisi ali uko kumapeto akuliza mkonono pampando, chipewa kumaso.

Tsiku lina mayiyu anaiwala simbi pansalu n'kupita kukagula ulusi. Utsi utayamba kutuluka pazenera, anthu anakuwa kuti chitseko chithyoledwe. A Notisi anafika ndi ndowa, n'kuiika pansi, n'kuvala magalasi, n'kuyamba kuwerengera chitsekocho ndime yachisanu ndi chinayi ya pangano lija, yonena kuti pangozi mwini nyumba atha kulowa osachenjeza. Atamaliza m'pamene anathyola. Telala pobwera anapeza moto utazima, chitseko akuchikhoma okha, komanso kalata yopepesa kuti anaona bedi losayala mosafuna.

Nkhani ya makoswe ndiye anthu amaikamba motsitsa mawu. Wometa wa chipinda choyamba anadandaula kuti makoswe amuthera mathawulo, ndipo kuthana nawo ndi udindo wa mwini nyumba. A Notisi anavomera. Sanagule mankhwala kapena msampha. Analemba notisi ya masiku asanu ndi awiri n'kuikhoma pakamwa pa una. Wometa anaseka mpaka kugwira nthiti. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzuwa lili paliwombo, makoswe anatuluka pamzere, ana ali pakati, n'kudutsa pageti osacheuka. Kuyambira pamenepo wometa ankawapatsa moni a Notisi ndi manja awiri.

Chaka chatha, kwa nthawi yoyamba, a Notisi anabweretsa pepala pamanja. Telala analiwerenga kawiri. Linkati pakatha masiku makumi atatu, iwo atuluka.

"Mukusamukira kuti, bambo?"

"Sanandiuze."

"Ndani?"

"Mwini wake. Nanenso ndine wa lendi, mayi."

Anali bwinobwino, osatsokomola n'komwe. Mwezi wonsewo anamata malata, anasintha mipope, anapenta makoma. Kenako anaitana onse kuti asaine pangano latsopano la zaka zitatu, mboni ziwiri zilipo. Telala anazengereza. Ankaona ngati akasaina ndiye kuti wawakankhira kumanda. Iwo anamunong'oneza kuti mphwawo wakhala akuyeza zipindazo ndi maso, akufuna kutsegulamo bala, koma pangano silifa limodzi ndi amene analilemba. Mayiyu anaganiza za ana ake awiri ndi makina ake olemera aja, n'kusaina.

Tsiku la makumi atatu a Notisi anasesa chipinda chawo, anapachika makiyi pamsomali, n'kukhala pansi. Telala popita ndi tiyi anawapeza atazizira kale, nsapato atapukuta.

Sabata isanathe mphwawo uja anatulukira, n'kulengeza kuti aliyense akhale atachoka pofika Loweruka. Telala sanakangane naye. Anatsegula dilowa ya makina, n'kumupatsa pepala la pangano lija kuti awerenge yekha. Munthuyo anathamangira nalo kwa loya, koma anabwerako khosi lili zyoli. Mpaka lero onse akadali m'zipinda zawo.

Koma pamalopo sipakomanso ngati kale. Denga likadontha, munthu amadandaula mpaka mvula kutha. Wometa anasiya nthabwala. Chipinda cha malemu, mphwawo akufuna kuchiika pa lendi, ndipo anthu ofuna nyumba amabwera ndithu. Chitseko amachipeza chili chotsegula, m'kati muli mbee, mulibe ngakhale mkeka. Koma aliyense akafika pakhomo amaima, popanda womuuza, n'kunena kuti "odi". Amadikira pang'ono, n'kuti akaganize kaye, osabweranso.

Nthawi zonse "odi" ameneyo akamveka, phazi la telala limaima lokha pamakina. Nayenso amamvetsera.