Andidyera chionetsero

Lolemba

Kwacha ndi chiperoni. A Nazombe, tcheya wa komiti ya holo yathu, aima pakhomo la laibulale, osalowa n'komwe. Akuti: "Mayi, chipindachi n'chabwino kusungiramo nandolo. Loweruka tibwera ndi komiti. Tikakupezani muli nokha ndi mabuku anuwa, mutipatse makiyi."

Nandolo! M'chipinda changa!

Koma nawonso sakunama. Pamwamba pa chitseko panalembedwa "Laibulale ndi Malo Ophunzirira Zachilengedwe". Zachilengedwe zake ziti? Chithunzi cha njovu chosuluka ndi dzuwa, ndi buluzi amene amakhala kuseri kwa shelefu.

Basi, ndaganiza: chionetsero cha zipatso zakutchire za kwathu kuno ku Lirangwe. Ana a masiku ano apozi wa m'buku amamudziwa, mtengo wa bwemba ayi. Zofunika:
- tebulo la ku Sande sukulu
- mbale za apongozi (osawauza)
- timapepala tolembapo mayina
- anthu. Makamaka anthu.

Lachiwiri

Ndalengeza pa mjigo m'mawa. Pofika masana zayamba kubwera: masau, bwemba, matowo, malambe. Ndayala bwinobwino, mbale iliyonse ndi dzina lake. Kukongola kwake! Ndikungozungulira tebulo ndekha ngati mwini ukwati.

Yohane wa kabaza wabweretsa mbewa zowamba, zili pa kamtengo. "Nazonso n'zachilengedwe, madamu." Si chipatso, koma mphatso sungaibweze. Ndazilembera kapepala kake.

A Nazombe, konzekani kuchita manyazi.

Lachitatu

Mlendo woyamba: Mayi Chikopa a zitumbuwa, amene sanapondemo muno chitsegulire. Ndi oyembekezera, mimba ili uko. Aima pa mbale ya bwemba. Ine ndikufotokoza za mtengo wake, za mthunzi, za mizu yogwira nthaka. Iwo akungomeza malovu. Ndikumva ndithu, gwi!

Ndiye nditani? Munthu wapakati akuyang'ana chakudya m'nyumba mwako, iwe n'kumamuphunzitsa za mizu? Amayi anga akanandikana. Pakamwa pangotseguka pokha: "Lawani, mayi."

Liwu limodzi lomwelo. Atuluka, abwera ndi anzawo a pamsika, ndipo sungauze mmodzi kuti alawe enawo n'kumangopenya. Bwemba yense psiti. Ndaika beseni pakona kuti asamalavulire njere pansi.

Lachinayi

Ndalemba chikwangwani: OSADYA.

Ndalakwitsa. Agogo ena awerengeredwa ndi mdzukulu wawo, abwerera cham'mbuyo. "Chakudya chili pa mbale n'kumati osadya? Mwathiramo chiyani?" Pasanathe nthawi mbiri yafika pa mjigo yoti zipatso za ku laibulale n'zokhwimira. Ine! Wa kwaya ya amayi! Ndang'amba chikwangwanicho, ndadya sau limodzi anthu akuona kuti akhulupirire. Akhulupirira kwambiri. Masau atha.

Yohane wadzatenga mbewa zake. Akuti zingawonongeke, ndiye akazisunga m'mimba.

Chimodzi chokha: azibambo awiri akangana kuti matowo ndi mtengo umodzi ndi wa maye kapena ayi, mpaka apempha buku la mitengo limene lili pa shelefu. Chibwerereni bukulo lero ndi pomwe latsegulidwa. Tsamba lina lamatirira ndi zala za bwemba. Wopambana mkanganowo wadya matowo. Wogonja wamuthandiza.

Lachisanu

Ndalawirira kudambo kukathyola matowo ena pa mtengo umene tinkakwera tili atsikana. Ndapeza chitsa. Pambali pake dothi lakuda, pomwe anawotchera makala. Ndakhala pa chitsapo kanthawi, mtima wandiwawa zedi. Pamwamba padutsa ndege yopita ku Chileka, ine chikwama chili mbee.

Zotsala pa chionetsero:
- mbale zopanda kanthu
- mayina olembedwa bwino kwambiri
- beseni lodzaza njere zonyambita
- dambe limodzi

Dambelo ndapita nalo kunyumba, ndalibisa m'sutikesi. Bambo a kunyumba akufunsa kuti muli chiyani. Ndati zovala zamkati.

Mawa ndikupereka makiyi, ndikudziwa. Mabuku ndikawaika kuti? Kunyumba kuli chiswe.

Loweruka

Ndikufika, pakhomo pali anthu ngati pa chigayo. Kwamveka mpaka ku Mdeka kuti ku laibulale kukudyedwa. Alowa, apeza mbale zoyera, koma kunja kukuzizira ndiye palibe wotuluka. Ana ali pansi ndi mabuku a zithunzi. Azibambo aja ayambiranso mkangano wawo. Mayi Chikopa akusankhula njere m'beseni, akuti tizidzale m'mapepala a shuga, "kuti chaka china tisadzavutike ndi chionetsero chochepa chonchi". Chochepa! Anachepetsa ndani?

Komiti yafika. A Nazombe asowa polowera, mpaka wina wawapatsa mpando pafupi ndi tebulo. Ndayamba mawu anga. Iwo sakundimva. Maso ali pa dambe lija, limene ndabwera nalo n'kuliika pa tebulo. Chipinda chonse chaona, aliyense akuyang'ana ine.

Gwi!

"Lawani, a tcheya."

Aliswa pa sitepe, phwa! Agawirako komiti. Akutsopa maso ali chitsinzinire, akuti kuseri kwa holo kuno kunali mlambe waukulu, ankabisalamo pothawa sukulu. Alavulira njere m'beseni mwaulemu wake. "Izi musataye, mayi."

Mmodzi wa komiti wakumbutsa za nandolo. A Nazombe ayang'ana uku ndi uku. "Nanga anthu onsewa tiwaika m'matumba?"

Atuluka. Makiyi ali m'chitenje mwanga, ndikuwagwiragwira mpaka kunyumba.

Lamulungu

Ndagona ngati mwana. Kutchalitchi ndaimba mokweza mpaka wa pambali panga wandigunda ndi chigongono.

Chionetsero chafa, ndavomera. Palibe mwana amene waona zipatso zonse pamodzi, ndipo mawu anga a mizu yogwira nthaka sanafike ndi pakati pomwe. Mbale ndabweza kwa apongozi. Akuti ankadziwa kuyambira Lachiwiri, analawa nawo masau pa mbale yawo yomwe.

Madzulo ndadutsira ku laibulale kukathirira. Mapepala a shuga afola m'mbali mwa khoma, dothi lokhalokha, palibe chooneka. Timapepala ta mayina ndachotsa pa tebulo, ndabaya pamenepo. Kaya zimera, kaya mbuzi zitiyambirira. Buluzi akadali kuseri kwa shelefu, nanenso ndikadalipo.

A Nazombe atumiza uthenga kuti chionetsero china chidzakhale cha uchi. Ayi, bambo. China chikhala cha miyala. Ndinaganiza za mitundu ya dothi, koma Mayi Chikopa sanachire.