Chipinda Choyezera Makanda Chikudikira Sizasi Yanu

Olemekezeka a Nduna ya Zotsegulira Zinthu,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ndine wakabaza wa ku Chiringa, ndipo mundikhululukire ngati zilembo zikuvina: ndabereka! Mkazi wanga Eliness wandipatsa mwana wamkazi, woyamba, mphuno ngati yanga yeniyeni. Chimwemwe chake ndanyamula anthu ulere tsiku lonse.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chipinda choyezera makanda chimene munatimangira pachipatala chathu chaching'ono. Eee, kukongola! Timachiona pawindo. Muli sikelo yatsopano, kabedi, ndi nyale ija akuti imachiza chikasu, zonse zikadali m'mapulasitiki. Pakhomo pali riboni amene akudikira kuti inu mumudule kuyambira chaka chatha. Anali wofiira, pano wayera ndi dzuwa, koma akugwira ntchito kuposa mlonda. Palibe khanda lalowamo n'kudetsa.

Chachiwiri, mwatukula malonda. Poti sikelo yanu siyingayambe ntchito musanaidalitse, makanda timakayezetsa kwa a Thomson, venda wogula nandolo. Amamukoleka mwana m'chitenje pambedza pompaja pamene amakoleka thumba. Vuto n'lakuti sikelo yawo, mwa chizolowezi cha ntchito, imadya pang'ono. Ndiye mwana aliyense wa kuno amabadwa wopepuka, ndipo sitidziwanso wopepuka weniweni ndi uti. Wanga atamukoleka, a Thomson anangoti kukamwa yasa poona kupepuka kwake, n'kumutsitsa msangamsanga. Munthu amene sanachitepo manyazi ndi sikelo yake!

Chachitatu, mwana wanga ndi waulemu zedi. Salira, savuta kuyamwa chifukwa sayamwa n'komwe, amangogona. Maso ake achita chikasu ngati papaya. Anamwino athu a Hilda anamuyang'anira pakhonde, n'kuloza nyale ija pawindo, kenako n'kuloza msewu wa ku Boma, umene mlatho wake unapita ndi madzi. Umenewonso munautsegulira ndinu, tinavina. Apongozi anga akana kumutcha dzina mpaka aone kumene zikulowera. Apa pokha, bwana, kuseka kumandithera. Ndili ndi mantha.

Koma tisakudetseni nkhawa. Tikudziwa kuti muli ndi misonkhano, ndi maliboni ena akuluakulu a m'tauni. Amayi akuno sanataye mtima, nyimbo zokulandirirani akuyeserabe Lachitatu lililonse, dzina lanu analilowetsa m'mavesi onse.

Pempho langa ndi laling'ono. Bwerani mudzadule kansalu kaja. Ngati galimoto yanu ikuopa matope, ndidzakunyamulani pa njinga yanga, ndaika kale khushoni yatsopano. Zikakanika, lolani a Hilda adule okha. Amadula michombo tsiku ndi tsiku popanda woimba nthungululu, riboni sangawavute, ndipo m'manja tidzaombera chithunzi chanu.

Chonde ikhale sabata ino. Amayi oimba aja ndi omwewo amene amaimba pamaliro, ndipo sindikufuna kuti asinthe nyimbo pakhomo panga.

Ine wanu wopalasa mogwada,

Howard Muhiwa
Bambo wa mwana wopanda dzina