Tebulo Lotchaja Foni Popanda Chingwe

Lolemba
Ahedi akuti Loweruka ndi tsiku la makolo, ine mphunzitsi wa sayansi ndionetse chodabwitsa. Chabwino! Chotchajira foni chopanda chingwe. Zipangizo: waya wa mu fani yakufa, batire la galimoto, kabokosi kanga ka magetsi, selotepi. Makoilo awiri a waya wokulungiza, imodzi pansi, ina kumsana kwa foni. Pakati pake pakungokwana pepala, ndipo foni ikutchaja. Ndine munthu ine!

Lachiwiri
Ahedi: "Mawaya ndi onyansa. Bisani kunsi kwa tebulo, alendo azingoona foni." Tebulo lake la mlombwa, thabwa lokhuthala zala zitatu! Ndikufotokoza kuti mpata ukakula, mphamvu yambiri imatayika panjira. "Yewo, yewo, mukwanitsa." Aphunzitsi a Jogalafe!

Lachitatu
Maola atatu foni ili patebulo, osatchaja ngakhale pang'ono. Ndikuwonjezera batire lachiwiri. Koilo yapansi ikutentha, ofesi yonse fungo la vanishi. Foni zii.

Lachinayi
Wailesi ya mu ofesi ikungolira ngati nyenje. Mayi NyaGondwe, ophunzitsa Chingerezi, aphonya uthenga wa maliro a kwawo. Kenako atola supuni yomwe anasiya patebulo langa, yawawotcha chala. "Ufwiti wanu muzikachitira kunyumba." Magetsi anga akufika ku supuni, ku wailesi, kulikonse, kupatula ku foni!

Lachisanu
Ndikupempha kupala thabwa kuti lipyapyale. Ahedi: "Yayi! Tebulo limenelo anatipatsa ndi a mpingo." Batire lachitatu.

Loweruka
Makolo adzaza, ena apalasa njinga kuchokera ku Henga. Mlendo wolemekezeka akuyika foni yake yatsopano patebulo, akugwira maikolofoni. Ndikuyatsa. Sipika kuti kwiiii! Ana akulira, kwaya yatseka makutu, kunsi kwa tebulo utsi. Foni ya mlendo yatentha ngati mbatata yootcha, yazima. Ahedi, pamaso pa onse: "Ine ndinawauza aphunzitsiwa." Munandiuza chiyani, bambo? CHIYANI?

Lamulungu
Kutchalitchi. Mkulu wa mpingo akundigwira dzanja pakhomo, akumwetulira. "Asambizgi, aphunzitsi athu, tamva chomene za dzulo. M'thumbamo mulibe kanthu ka magetsi?" Akundiperekeza yekha ku benchi lakumbuyo, kutali ndi sipika. Ulaliki sukundifika. Sindikudandaula. Ndani akudziwa za mpata kuposa ine?