Mmene Ndinasandutsira Mwana Wanga Mzungu

Anzanga, musanayambe kuseka mundimvetse kaye, chifukwa ine cholinga changa chinali chabwino. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha mwana wanga Dalitso chooneka ngati Dalitso. Basi. Kodi pamenepo pali tchimo?

Zonse zinayamba ndi kalata. Dalitso atakwanitsa miyezi inayi, atate ake, a Banda, anamujambula ndi kamera yawo ya kafulashi pamwamba n'kutumiza chithunzi kwa amayi awo ku Katete. A Banda amagwira ntchito kunjanji, koma mtima wawo uli pa zojambula, Lamlungu akangochoka kutchalitchi ndi iwo ndi kamera mpaka dzuwa kupendeka. Chithunzi chimenecho ine sindinachikonde. Mwana anatuluka woyera mbuu, maso ofiira ngati makala, kumbuyo kwake chimthunzi chakuda bii pakhoma. Koma iwo anati, "Amayi sadziwa za zithunzi, angosangalala."

Anasangalaladi! Yankho linabwera patatha milungu itatu: "Mwana tamuona. Ndayenda nacho chithunzi mudzi wonse, palibe amene wakumbuka munthu wa khungu lotere kubanja kwathu. Tikumva kuti kumeneko ku Livingstone kumabwera azungu ambiri odzaona mathithi. Moni kwa apongozi."

A Banda anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke ngakhale pang'ono. Sukulu ndinalekeza giredi faifi, koma kalata ngati imeneyo siifuna sukulu kuti uimve. Mudzi wonse wa ku Katete unali kundiweruza ine, mkazi woti ngakhale kumathithiko ndinapitako kamodzi kokha, ndiponso ndinabwerako ndi chimfine!

Ndiye m'nyumba mwathu munali chida china. Chaka chimenecho a Banda anagula fulashi yaikulu yakalekale kwa mdala wina amene anatseka situdiyo yake, ya mwendo wakewake wachitsulo, yolumikiza kumagetsi. Kutsogolo kwake kumavekedwa chibokisi chakuda cha nsalu, kukamwa kwake kophimbidwa ndi kansalu koyera. Amati sofutibokisi. Ankaphunzira pojambula botolo, chipewa, nthawi zina ine ndikusenda mbatata, ndipo amalankhula okha ngati mphunzitsi. "Kuwala kukachokera pa kanthu kakang'ono kumamenya nkhope ngati mbama. Kukadutsa pansalu yotakata kumasisita. Uike cham'mbali, pafupi, chokwera pang'ono." Ine ndimangoti eya, eya, koma maso anga amalemba zonse.

Ndinawapempha kuti amujambule mwana ndi chimenechi, iwo n'kumati Lamlungu, Lamlungu. Lachitatu akuntchito anawatuma ndi sitima ku Kitwe, kubwera Lolemba. Lachitatu lomwelo mlamu wanga Enelesi, mlongo wawo wa a Banda, anadzanditsanzika kuti Loweruka akunyamuka kupita kumudzi. Mtima unati, mkazi iwe, ukudikira chiyani? Mwana unabereka wekha, ndiye kudina kabatani kukukanike?

Lachisanu m'mawa ndinatulutsa zida zonse. Kuyang'ana kansalu koyera kaja, aa, kanali kachikasu, fumbi lokhalokha, chizindikiro chakuti mwini wake ndi mwamuna. Kuwala koyera kungadutse bwanji pansalu yakuda chonchi? Ndinakamatula, kuchapa bwinobwino, kuyanika. Katauma kanali makwinya okhaokha. Ndinati makwinya amenewa angapite pankhope ya mwana wanga, ndiye ndinakoleza simbi ya makala.

Anzanga, simbi ndinangoigunditsa kamodzi. Kamodzi! Ndinangomva tswii, n'kuona kansalu kakukwinyika kuthawa simbi, pakati patatsala chibowo choti mutu wa munthu wamkulu n'kulowa.

Fungo linaitana Bina Mutinta, mnansi wanga Mtonga wa nyumba yoyang'anana nafe, amene amagulitsa tinsomba ta kapenta kumsika wa Maramba ndipo samaphonya nkhani.

"Amake Dalitso, ni chani chapsa? Mayo! Si ija nsalu ya ba Banda iyi? Imwe, muzagona panja!"

"Musandiopseze, Bina Mutinta. Nsalu ni nsalu. Tizapeza ina."

Tinayesa thewera. Nditayatsa kababu kam'kati kamene kamaonetsa kumene kuwala kugwere, thewera linatseka zonse ngati bulangete. Tinayesa pilo kesi, inachepa. Tinayesa nsalu ya patebulo, inali ndi zithunzi za mapeyala. Kenako ndinakumbukira kuti m'sutikesi ndili ndi chinthu chopyapyala, choterera, chofanana ndithu ndi kansalu kaja: pitikoti yanga ya paukwati, yapinki, ya malesi kumusi.

"Awe, imwe," anatero Bina Mutinta, "iyo ni ya pinki."

"Pinki yake ni yapatali. Ikayaka izaoneka yoyera."

Mwamva nzeru zimenezo? Ndinaitambasula kukamwa kwa chibokisi, kuimanga ndi zopanira zovala kuzungulira konse, malesi akulendewera pansi. Kunena zoona inakwana ngati anasokera pomwepo, ndipo ndinayima patali n'kudziyamikira.

Tsopano kuyesa. Ndinkaona a Banda akudina kabatani kofiira kumbuyo kuti aone ngati fulashi ikugwira. Vuto n'lakuti ine ndinatambasula dzanja kukadina nkhope ili kutsogolo, ndikusuzumira pampata wa pitikoti kuti ndione mmene kuwala kumatulukira. Phaa! Ndinakuona mmene kumatulukira, ee. Ndinakhala pansi osadziwa, dziko lonse lili madontho obiriwira, Bina Mutinta akundipepesa uku akugwira khoma ndi kuseka. Koma kodi ndinasiya? Ndinatsuka m'maso n'kunyamuka.

Malo ojambulira ndinasankha abwino kuposa onse m'nyumba: kutsogolo kwa kabati yanga ya magalasi, mmene muli makapu a alendo ndi mbale zamaluwa. Ndinati apongozi aone mwana, aonenso kuti mwana wawo anakwatira mkazi wosamala. Dalitso ndinamusambitsa, kumudzoza mafuta mpaka kunyezimira ngati chitumbuwa chongovuula, kumukhazika pampando n'kumutchinjiriza ndi mapilo. Chibokisi cham'mbali, pafupi, chokwera pang'ono, ndendende mmene ankanenera mwini wake. Chingwe kuchoka kufulashi kulowa kukamera ndinalumikiza. Mukuona kuti sindinali wopusa kwenikweni?

Panatsala manambala. Kumbuyo kwa fulashi kuli kopotokola mphamvu, ndinakapotokola mpaka kumapeto, poti ndinkafuna kuti mwana aoneke bwino, osati mwachimbuuzi. Pakamera pali mphete ya manambala, kuyambira aang'ono mpaka aakulu. Apa ndiye ndinaima. Ndinkakumbuka a Banda akuipotokola, koma mbali iti?

"Bina Mutinta, apa tiike zingati?"

"Nizaziba bwanji ine? Ganizani imwe bakazi ba kameramani."

Ndinaganizadi. Mwana ndi wamng'ono, ndiye nambala ikhale yaing'ono. Mankhwala kuchipatala amatero, nsapato zimatero, kamera ingasiyane bwanji? Ndinaika yotsikitsitsa. Pambuyo pake ndi pamene ndinauzidwa kuti nambala yaing'ono ndiyo imatsegula diso la kamera kuti mbee, kuwala konse n'kukhuthukiramo ngati madzi a m'mgolo.

Tinajambula filimu yathunthu. Phaa yoyamba, Dalitso anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Bina Mutinta anavina, kuliza makiyi, kuimba za Chitonga, mwana n'kuseka, ine phaa! Kulira. Kuvina. Phaa! Thukuta lili kamukamu, pitikoti yayamba kununkha kutentha, ine osabwerera m'mbuyo. Pomaliza ndinatulutsa filimu mosamala n'kuthamanga nayo m'tauni kushopu yotsuka zithunzi. Ndinati anditsukire ziwiriziwiri, zina za kumudzi, zina zathu.

Loweruka m'mawa makina awo anachedwa. Enelesi anaima pakhomo la shopu ndi zikwama, phazi likugunda pansi. "Alamu, basi ya ku Lusaka indisiya!" Bambo wa pashopu potsiriza anatuluka ndi maenivelopu awiri, akundiyang'ana modabwitsa, milomo ikunjenjemera.

"Ba mayo, izi munajambula mweka?"

"Ee, nekha," ndinayankha chifuwa chili patsogolo.

"Nayesako kuchosa kufiira, koma makina yakana. Simufuna kuonako first?"

Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya amuna poona mkazi akugwira kamera. Ndinalanda maenivelopu, imodzi n'kumupanikiza Enelesi m'manja. "Thamangani, alamu! Mukawapatse amayi m'manja mwawo, muwauze kuti aonetse mudzi wonse!" Mawu amenewo ndinanena ine, ndi pakamwa panga pano.

Inayo ndinakatsegulira kunyumba, Bina Mutinta ali pambali. Tinayala zithunzi patebulo. Anzanga, munawaonapo azungu aja amabwera kuchokera kumathithi masana a mwezi wa Okutobala, atapsa ndi dzuwa, nkhope ili psuu ngati nyama yosenda? Ameneyo ndiye anali pampando wanga. Chithunzi cha a Banda chija mwana anali woyera chabe. Changa anali mzungu weniweni, wonenepa, wapinki, chipumi chikuwala ngati galasi la galimoto chifukwa cha mafuta aja, tsitsi lokha ndiye limayesa kundichitira umboni.

"Mwina kumudzi sibazaona bwino," anatero Bina Mutinta ndi mawu a pamaliro. Kenako anayandikitsa chithunzi kumaso. "Amake Dalitso. Ichi pa kabati ni chani?"

Pagalasi la kabati, pamwamba penipeni pa mutu wa mwana, panali pitikoti yanga. Yonse. Yowala ngati mwezi, yotambasuka bwino, malesi ake akuoneka duwa lililonse, zopanira zili ndandanda. Pambali pake mkazi wina, ineyo ndithu, atapinda msana, chitenje chitamasuka, kukamwa kuli yasa. Pazithunzi zonse, osaphonya ngakhale chimodzi. Chinthu chokhacho chimene chinatuluka bwino pafilimu yonse!

Ndinabereka mwana n'kuthamangira kokwerera mabasi. Ndinapeza malo okha, basi inali itadutsa kale Zimba. Kumudzi kulibe foni. Ndinaima pamenepo ndikuwerenga m'mutu: lero Lusaka, mawa Katete, mkuja mudzi wonse.

A Banda atabwera Lolemba ndinawaonetsa chibowo choyamba, zithunzi pambuyo, kuti mkwiyo ukumane ndi chisoni. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Koma kaikidwe ka nyali kali bwino. Taona mthunzi wa pansi pa chibwano mmene wafewera." Ine ndikumira, munthu akuyamikira kasambiridwe!

Kalata sinabwere. Patatha masiku naini kunabwera apongozi eni ake, ndi kathumba ka mtedza pamutu, nkhope ngati ya woweruza milandu. Moni anayankha mwachidule. Madzi anakana. Anakhala pampando womwe uja, kutsogolo kwa kabati yomwe ija, n'kuti, "Ndabwera kudzaona mwana ndi maso anga. Mutengeni."

Ndinagwada n'kumupereka. Anamutenga n'kutuluka naye panja padzuwa. Anamutembenuza uku ndi uku. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta patsaya kuti aone ngati ndamupaka kanthu. Dalitso, poona nkhope yachilendo, anakwinya chipumi, mlomo wam'munsi n'kuutulutsa panja, kenako anakuwa mokweza mpaka agalu a kwa Bina Mutinta anayankha.

Apongozi anaseka mpaka kukhala pakhonde. "Iii, uyu ndi malemu amuna anga enieni! Mlomo umenewu ndaupirira zaka makumi atatu. Wakuda ngati mphika, ndi wathu uyu!" Anamuvinitsa, kumutchula mayina a makolo, ine misozi ili mbwembwembwe, mtima ukutsika pang'onopang'ono kubwerera m'malo mwake.

Ndinaganiza kuti mlandu watha. Titabwerera m'nyumba, atamwa madzi aja anawakana, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa chithunzi chimodzi, chakuda m'mbali ndi zala za anthu ambirimbiri.

"Za mwana zatha, apongozi. Koma azimayi akumudzi andituma funso. Akuti kwathu chovala ichi timayanika kuseri kwa nyumba, chophimba ndi chitenje. Kodi kuno kutauni mwayamba kuyikamo magetsi n'kupachika pabalaza?"

A Banda, amene ankamvetsera chapakhomo, anatuluka panja ngati aitanidwa. Ine ndinayang'ana pansi kufuna dzenje, simenti yokhayokha.

"Ndiponso," anapitiriza, "akazi a abusa akuti muwauze kumene munagula. Malesi ake awakonda."

Ndiye anzanga, kamera ndinaisiyira mwini wake, simbi yanga siyandikiranso chinthu chimene sindinachigule ndekha. Ndipo mwana wachiwiri atabadwa, a Banda atangoti, "Timujambule titumize kumudzi," ndinawalanda filimu m'manja, kubereka mwana, n'kukakwera basi masiku awiri mpaka ku Katete. Akamuone okha, padzuwa la Mulungu, lopanda pitikoti.