Kanyali Kachikasu pa Galimoto ya Che Bwanali

Lolemba

Yafika! Galimoto yakuda ya Che Bwanali, mkulu wa bizinesi ya usipa uja, ili pansi pa mtengo wa mango pagalaja panga. Yachijeremani. Mipando yachikopa, magalasi otsika okha. Anaigula kwa mzungu wina wa zothandiza othawa nkhondo amene wabwerera kwawo. Chiigulireni, kanyali kachikasu ka mabuleki kolembedwa ABS sikazima, ndipo akuti akamayendetsa amaona ngati kakuwayang'ana.

Pangano lathu: ine ndizimitse kanyali, iwo andibwereke galimoto Loweruka inyamule Asiyatu, mwana wa achemwali anga, kupita ku ukwati wake. Mwanayu ndamulera ine chimwalirire bambo ake. Anthu a kwa Mponda adzaone kuti ali ndi malume.

Achemwali ndawauza kale. Iwonso auza kale msika wonse.

Injini ikulira bwino, mabuleki akugwira. Vuto ndi kanyali basi. Ine wotsitsa magiyabokosi a malole onyamula chimanga cha kumisasa ya othawa nkhondo ndingalephere kanyali? Mawa masana ndatha.

Lachiwiri

A Zhuwawo, anzanga apantchito amene anathawa nkhondo ku Lichinga, akuti tingochotsa babu, nkhani ithe. "Kwathu tinkatero, ndipo palibe bwana anadandaulapo." Ndakana. Ndine makaniko, sindine wamatsenga.

Tatsegula buku la m'galimoto. Lachijeremani! Tamva zithunzi zokha. Kuseri kwa tayala lililonse kuli kachipangizo konga chala, sensa, kamene kamawerenga mano a kachitsulo kozungulira limodzi ndi tayala, n'kumauza kabokosi ka mabuleki liwiro lake. Kamodzi kakafa, nyali imayaka. Nanga kafa ndi kati? Buku silikunena. Kapena likunena, koma m'Chijeremani.

Zofunika:
mita yoyezera magetsi, kwa mkulu wokonza mawailesi
njerwa, poti jeke ndi mmodzi
mafuta ofewetsera dzimbiri
munthu wothamangitsa anthu amene akubwera kudzapesa tsitsi pachitseko chake chowala ngati galasi

Achemwali adutsa pochokera kwa telala. Apeza tayala limodzi lili pansi.
"Achimwene, kodi imayenda?"
Ndati imayenda.
"Nanga mukuivuliranji nsapato?"
Zamakaniko sangazimve.

Lachitatu

Ntchito yokoma bwanji! A Zhuwawo akuzungulitsa tayala ndi manja, ine ndikugunditsa mawaya a mita pa pulagi ya sensa. Kumbuyo konse, kasingano kakuvina. Kutsogolo kumanja, kakuvina. Kutsogolo kumanzere, kali gone ngati kafa dzana.

Ndakupeza!

Ndapukuta matope ndi tizitsulo tomata pamenepo, ndayezanso. Zii. Waya ndi wabwino, palibe khoswe anaudya. Sensa yafa basi.

Ku positi kukaimba foni kusitolo ya zipangizo ku Blantyre. Foni ikuchita phokoso ngati akukazingamo chimanga. Ndakuwa "KUTSOGOLO KUMANZERE" mpaka amayi ena pamzere abwereza okha kundithandiza. Dalaivala wa lole ya chimanga, mnzanga, abweretsa mawa.

Masana ndati ndichotseretu yakaleyo. Bawuti imodzi yokha, yamasuka mwaulemu. Sensa yakana. Dzimbiri laigwira ngati nkhanu. Mafuta. Pulayala. Mafutanso. A Zhuwawo akuti, "Pang'onopang'ono, mestre," ndiye kuti katswiri m'chinenero chakwawo. Ndikupita pang'onopang'ono.

Thyo!

Mutu uli m'manja mwanga, thupi latsala m'bowo.

Lachinayi

Lole yafika, kabokosi kokongola. Ndatsegula ndi manja osamba. Waya ndi wamfupi, pulagi ndi ya mtundu wina. Atumiza ya kumbuyo kumanja! Anthu onse a mu positi ya Mangochi anamva bwinobwino, wa ku Blantyre yekha ndiye ayi.

Chotsalira chija chikadali m'bowo. Ndachigogoda, chikungolowa. Ndamasula habu yonse, chitsulo chomangirapo tayala, kuti ndichimenyere kumbuyo. Chatuluka, alhamdulillah. Beringi nayonso yatuluka, osaitanidwa. Timipira take mbwee mumchenga, nkhuku za aneba kuthamangira. Amuna awiri akuluakulu kugwada kumasefa mchenga ndi lichero. Tapeza tambiri, koma beringi sifuna tambiri, imafuna tonse.

Ku positinso, kukaitanitsa sensa ndi beringi. Ulendo uno ndatchula katatu, ndamuuzanso abwereze ngati mwana wa sitandade wani.

Che Bwanali abwera madzulo. Aima nthawi yaitali, manja kumbuyo, kuyang'ana bowo pamene panali tayala.
"Che Fundi, ine ndinati muzimitse kanyali. Za opaleshoni sitinapangane."
Ndawauza kuti mawa zonse zibwerera m'malo. Ati inshallah, koma mmene aitchulira sindinakondwe nayo.

Lachisanu

Kumzikiti aliyense akundigwira chanza kawiri. "Tamva, tamva! Mkwatibwi wa chaka chino!" Wina akupempha kuti amayi ake okalamba adzangokhalamo pang'ono m'galimotomo. Ndapemphera nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Lole sinabwere. Akuti aitembenuza, yapita ndi nyemba kumsasa wina wa kumalire. Sensa yanga ndi beringi yanga zikuona dziko.

Zimene tayesa:
beringi ya lole, ikulowa mpaka pamkono ngati chibangili
ya pikapu yakufa kuseri kwa galaja, yatsala pang'ono kukwana, ndipo pang'onopo ndiye pavuta
a Zhuwawo akuti tidzaikoke ndi ng'ombe itatsamira pa ngolo. Sakuseka.

Achemwali abwera ndi maliboni ndi maluwa apepala. Aona njerwa, aona ine, ayamba kumangirira maliboni basi. Bola akanandikalipira.

Kenako Asiyatu, manja ali ofiira ndi hina, utoto wa akwatibwi.
"Amalume, musadwale nazo. Si patali, ndiyenda pansi."
Ndalowa kunsi kwa galimoto ngati ndikufuna sipanala. Ndakhalitsako.

Loweruka

M'mawa wonse ndili pamsewu. Lole iliyonse ikadutsa ndikuisuzumira. Palibe.

Mkwatibwi wayenda pansi, pansi pa ambulera, amayi akuimba kumbuyo. Wakongola kwabasi. Ine kumapeto kwa mzere, kumayang'ana zala zakumapazi.

Nikaha, mwambo womanga ukwati, itatha ndikuti ndizembe, achemwali aimirira pakati pa anthu.
"Galimoto yakana kubwera kwa ife. Tiyeni tiipitire!"
Ukwati wonse ulendo wa kugalaja kwanga! Ng'oma, mbale za mpunga, wojambula zithunzi, onse.

Amayi atatu onenepa aima kutsogolo kwa njerwa atatambasula zitenje, bowo losaonekanso. Asiyatu wakhala pampando wachikopa ngati mkazi wa nduna. Mkwati, Imurani, msodzi wa ku Makanjira amene sanagwirepo chiwongolero, wapempha makiyi kuti aoneke nawo pachithunzi, chigongono pawindo. Wojambula akukuwa, "Mayi mwaima pakatinu musasunthe, njerwa ikuoneka!" Asiyatu waseka mpaka wanja wa m'maso wayenderera m'masaya.

Amayi okalamba aja akhalamo. Che Bwanali ajambulitsa kawiri, dzanja pa boneti. A Zhuwawo avina ndi jeke.

Akwati anyamuka mothamanga kuti boti la ku Makanjira lingawasiye. Pondisanzika Asiyatu wandinong'oneza kuti anzake onse anakwera galimoto zoyenda, koma palibe anakhalamo nthawi yaitali ngati iye. Sindikudziwa ngati amanditonthoza kapena amandiseka. Mwana wa achemwali ameneyo.

Lamulungu

Lole yafika m'mamawa, dalaivala akuimba likhweru. Sensa: kutsogolo kumanzere. Beringi: yakeyake.

Ntchito yayenda ngati madzi. Beringi yalowa, habu yabwerera. Ndapala dzimbiri m'bowo, ndapaka girisi pang'ono, sensa yalowa ndi chala chimodzi. Bawuti, pulagi, waya m'tizogwirira take. A Zhuwawo azungulitsa, kasingano kavina ngati kali paukwati. Tayala pamalo pake, njerwa kumbali. Ndachotsa maliboni ndi njere za mpunga m'mipando.

Ndatumiza uthenga kwa Che Bwanali kuti adzaone okha. Abwera atavala mkanjo woyera, akhala pachiwongolero, atambasula dzanja.
"Makiyi, Che Fundi."

M'thumba mulibe. Pamsomali palibe. M'bokosi la masipanala, m'lichero, pansi pa mipando. Achemwali akuti anaona bwinobwino, mkamwini anawaponya m'thumba la jekete atatha kujambulitsa. Jekete ili ku Makanjira. Mzungu uja anasiya kiyi imodzi yokha.

Ndapereka uthenga kwa wa boti. Akuti akwati apitirira kumudzi kwa agogo a mwamuna, kumene ngakhale njinga imafika itatopa. Abwera kudzationa mvula isanayambe, kapena ikatha.

Che Bwanali atsika, atseka chitseko mofatsa, andifunsa ngati kanyali kaja kazima. Ndawauza zoona zokhazokha. Pakadali pano sikakuyaka.